Superman Akagwetsa Nyumba, Chipepeso Apereke Ndani?

Pa Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, filimu ya ku America imafika pa memori khadi kapena pa fulashi, itabenedwa ndi mnyamata wa kompyuta pamsika. Kawirikawiri imakhala itadutsa kale pakamwa pa DJ wotanthauzira m'Chichewa, uja amatchula mkulu wa asilikali a ku Krypton kuti "madala" n'kuwayankhulitsa zinthu zimene mlembi wa filimuyo sanazilotepo. Ena amaonera pa foni atakhalira njinga ya kabaza podikira kasitomala wotsikira ku Kasinje, ena amathithikana pabenchi m'kanyumba ka vidiyo. Lamulo loyamba la mafilimu amenewa ngakhale mwana wa sitandade 3 amalidziwa: ekitala safa. Choncho palibe amataya nthawi kudera nkhawa Superman kapena Iron Man. Mkangano umabuka pa anthu amene amafa.

Umayamba mwanthabwala. Wina amati, "Aise, nyumba zonse zija zagwa muli anthu, ndiye mukuti wapulumutsa mzinda?" Mnzake amayankha kuti akanapanda kumenya nkhondoyo dziko lonse likanatha, ndipo munthu wozimitsa moto safunsidwa za mbale zimene waswa. Wachitatu, amene mwina anagulitsapo pamsika wa m'mbali mwa msewu, amangofunsa kuti benchi ya tomato ija galimoto ya ekitala yagunda pothamangitsa mdani, mwini wake wapita kukadandaula kuti. Anthu amaseka. Koma funso la benchi ya tomatolo ndi lakale kuposa mafilimu, ndipo lavutitsapo ansembe, mashehe, oweruza milandu ndi akuluakulu a nkhondo. Munthu akamachita chabwino n'kuvulaza wosalakwa mosafuna, amatsala ndi ngongole kapena ayi?

Filimu imene inakolezera mkanganowu pa dziko lonse ndi Man of Steel ya 2013, imene anaitsogolera Zack Snyder, Henry Cavill akusewera Superman. Kumapeto kwake Superman ndi General Zod amaponyerana m'nyumba zosanjikizana za mzinda wa Metropolis, magalasi akuwaza, zipilala zikuthyoka, fumbi likukwirira anthu othawa. Nkhondoyo imatha Superman atathyola khosi la Zod, amene ankafuna kutentha banja lina ndi moto wa m'maso mwake. Atolankhani a BuzzFeed anapempha kampani yowerengera zoonongeka pa ngozi zikuluzikulu, Watson Technical Consulting, kuti iyerekeze ngati zimenezi zikanachitikadi. Yankho linali lakuti anthu 129,000 akanafa, 250,000 akanasowa, pafupifupi miliyoni imodzi akanavulala, ndipo katundu wa madola 700 biliyoni akanaonongeka. Akufa ndi osowawo kuwaphatikiza akuposa theka la anthu onse a m'boma la Ntcheu, amene pa kalembera wa 2018 anali oposa 650,000. M'filimumo, fumbi lisanakhazikike n'komwe, Superman ndi mtolankhani Lois Lane amapsompsonana pakati pa mabwinja.

Okonda mafilimu anagawikana. Ambiri anafunsa mafunso a nzeru za nkhondo: bwanji sanamukokere Zod kuchipululu kapena kunyanja? Bwanji sanamutseke maso ndi dzanja, kapena kuuluka naye m'mwamba? Anakumbutsa kuti mu Superman II ya 1980, Superman wa Christopher Reeve ataona kuti adani akugwiritsa ntchito anthu a mumzinda pomufooketsa, anachoka n'kukawadikirira kunyumba yake ya kumadzi oundana. Mark Waid, mmodzi mwa alembi odziwika a nkhani za Superman, analemba poyera kuti mathero a filimuyo anamuswa mtima. A mbali inayo anati Superman ameneyu anali wachiyambakale, tsiku lake loyamba pa ntchito, akulimbana ndi msilikali wobadwira nkhondo, ndipo woyambitsa chipwirikiti anali Zod.

Hollywood inamva. Batman v Superman ya 2016 imayamba ndi nkhondo yomwe ija koma ikuonekera pansi, m'maso mwa Bruce Wayne (Batman) amene akuthamangira ku nyumba ya kampani yake ikugwa, n'kupeza wantchito wake miyendo itapanikizidwa ndi chitsulo komanso kamtsikana kakuloza m'mwamba momwe munali mayi ake. Koma pofika pa nkhondo yomaliza ya filimu yomweyo, alembi anangoika anthu oti azibwereza kuti malo akumenyeranawo mulibe anthu, ngati kuti vuto linali kusowa kwa chikwangwani. Mu Superman ya James Gunn ya 2025 zinafika poti ngwaziyo ikupulumutsa ngakhale gologolo.

Pali chinthu chimodzi chimene otsutsana pa benchi amachiphonya akamati "analibe njira ina". Superman alibe njira ina chifukwa mlembi anatseka zitseko zonse. Anaika banja lija pakona ndi mlembi, analimbitsa khosi la Zod mpaka mphindi imene inamukomera ndi mlembi yemweyo. Wodandaula za anthu a ku Metropolis kwenikweni akukangana ndi mwini nkhani, yemwe akanatha kulemba mwina koma anaona kuti nyumba ikamagwa imakoma pa sikirini. Apa mkangano wa pa vidiyo umafanana zedi ndi umene umachitika pa siwa usiku, makwaya atatopa: ngati wolemba nkhani ya dziko lino ali ndi mphamvu zonse, analekeranji kulemba mwina? Buku la Yobu lili ndi vuto lomweli. Ana khumi a Yobu amafa nyumba itawagwera pa mayeso amene sanali awo, ndipo kumapeto Yobu amapatsidwa ana ena khumi. Mlaliki amatsindika za kubwezeredwa kwa Yobu. Mayi amene anaikapo mwana m'manda amadziwa kuti khumi achiwiriwo si oyamba aja.

Za Thanos, amene mu Avengers: Infinity War ya 2018 anafafaniza theka la zamoyo zonse kuti chakudya chikwanire, sizifuna nthawi yaitali. Okonda mafilimu anafunsa kale chifukwa chimene sanangochulukitsira chakudyacho. Masamu akenso ndi olephera: Amalawi anali pafupifupi 4 miliyoni mu 1966, pafupifupi 8 miliyoni mu 1987, ndipo anaposa 17 miliyoni mu 2018, choncho theka lofafanizidwalo likanabwereranso posakhalitsa. Komanso Thanos anapha dala. Mlandu wake ndi wosavuta.

Wovuta ndi wa munthu amene timamuombera m'manja, ndipo Akhristu a pa Kandeu, kaya a CCAP, a Katolika, a Seventh Day kapena a mipingo ya Pentekoste, ali naye wawo amene anamudziwa ku Sande Sukulu asanamve za mafilimu a Marvel. Samsoni wa m'buku la Oweruza ali ndi zonse za ekitala: mphamvu zosadziwika malire, chinsinsi chimodzi chomufooketsa, mkazi womupereka kwa adani, ndi nkhondo yomaliza imene imagwetsa nyumba. Mbiri yake yadzaza ndi anthu ofera za eni. Ataluza kubetcha pa mwambi wa paukwati wake, anapita ku Asikeloni n'kupha amuna 30 amene sanali nawo pa kubetchako, n'cholinga chongowavula zovala zolipirira ngongole. Atakwiya ndi apongozi ake anamanga miuni ku michira ya nkhandwe 300 n'kutentha minda ya tirigu, ya mphesa ndi ya azitona. Mlimi wa m'chigwa cha Bwanje safuna womumasulira tanthauzo la munda wopsa nthawi yokolola. Afilisti pobwezera anatentha mkazi wa Samsoni uja ndi bambo ake.

Kenako pamabwera tsiku la ku Gaza, m'nyumba ya Dagoni. Oweruza 16 imati padenga pokha panali amuna ndi akazi pafupifupi 3,000, ndipo Samsoni anapha anthu ambiri pa imfa yake kuposa pa moyo wake wonse. M'nkhaniyi muli munthu mmodzi amene maulaliki ambiri amamudumpha. Samsoni anali atakolowoledwa maso, ndiye panali mnyamata womugwira dzanja. Ndi mnyamatayu amene anamufikitsa pa zipilala, atapemphedwa ndi wakhungu amene anati akufuna kutsamira. Baibulo silinenanso za iye. Mafilimu ena a Samsoni amaonetsa akuuzidwa kuti athawe, chifukwa opanga mafilimuwo mtima unawapweteka, koma m'malembamo mulibe zimenezo. Mwana anachitira chifundo munthu wosaona, ndipo nkhani inamusiya pansi pa denga likugwa.

Augustine wa ku Hippo, bishopu wa kumpoto kwa Africa, anavutika nayo nkhani ya Samsoni, ngakhale chimene chinamuvuta kwambiri chinali kudzipha kwake. Anamumasula ponena kuti Mzimu unamulamula mwamseri. Kalata ya kwa Ahebri nayo imamuika pa mndandanda wa ngwazi za chikhulupiriro. Yankho lotere limatonthoza wokhulupirira kale, koma ndi loopsa likatuluka m'Baibulo n'kulowa m'manja mwa munthu wamfuti, chifukwa aliyense wogwetsa nyumba angathe kunena kuti anatumidwa.

Anzeru a mpingo anayesa kupeza muyeso wogwirika. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, polemba za munthu wopha mnzake podziteteza, anati chochita chimodzi chingabale zipatso ziwiri, china chofunidwa, china chosafunidwa, ndipo munthu amaweruzidwa makamaka pa chimene amafuna. Otsatira ake anaikapo malire: chochitacho chisakhale choipa pachokha, choipa chotulukapocho chisakhale njira yopezera chabwinocho, ndipo chabwinocho chikhale cholemera mokwanira. Ndi muyeso umenewu dokotala amapereka mankhwala amphamvu oletsa ululu kwa wodwala kayakaya ngakhale akudziwa kuti angamufooketse. Ganizo lomweli linalowa m'malamulo a nkhondo. Pangano loonjezera pa malamulo a Geneva la 1977 limaletsa kulunjika anthu wamba, ndipo limaletsanso kuukira kumene kungaphe anthu wamba ochuluka mopyola phindu la nkhondo loyembekezeka. Tikamuyeza Superman pamenepa amapulumuka. Sanalunjike aliyense wa ku Metropolis, imfa zawo sizinali chida chake, ndipo mbali inayo ya sikelo kunali mtundu wonse wa anthu. Samsoni sapulumuka, pakuti pemphero lake lomaliza linali lobwezera maso ake awiri.

Muyesowu ndi wothandiza, ndipo dziko lopanda iwo lingakhale loipa kuposa lino. Vuto lake ndi lakuti wogwira sikelo amakhala yemwe waponya bomba. Pa 29 Ogasiti 2021, asilikali a America anaphulitsa galimoto mumzinda wa Kabul ndi ndege yopanda woyendetsa, poganiza kuti yanyamula mabomba opita ku bwalo la ndege. Munali zigubu za madzi. Anafa anthu 10 a banja limodzi, 7 mwa iwo ana, kuphatikizapo Zemari Ahmadi amene ankagwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu ndi chakudya. Patapita masabata angapo akuluakulu a asilikali anavomera kuti kunali kulakwitsa komvetsa chisoni, ndipo mu Disembala chaka chomwecho zinadziwika kuti palibe msilikali amene adzalangidwe. Cholinga chinali chabwino, malamulo anatsatidwa, fayilo inatsekedwa.

Pabwalo la mfumu fayilo yotere sitsekeka msanga chotero, ndipo apa anthu a kumudzi ali ndi nzeru imene mkangano wa okonda mafilimu umasowa. M'dera la Angoni oweta ng'ombe ngati la Ganya, mlandu wa ziweto zolowa m'munda ndi wa chaka ndi chaka. Mwini ng'ombe sanazitume. Mwina anali ku maliro, mwina mbusa ndi mwana amene anatengeka ndi masewera. Nyakwawa imamva zonsezo, imavomereza kuti panalibe chiwembu, kenako imatuma anthu kukawerenga mapesi odyedwa. Chimodzimodzi wotentha tchire posaka mbewa moto n'kulowa m'dimba la mnzake, kapena woyendetsa ngolo imene yagumula mpanda. Bwalo limasiyanitsa mafunso awiri amene anthu ambiri ophunzira amawasakaniza. Loyamba: kodi munthuyu ndi woipa mtima? Lachiwiri: kodi pali chimene wasiya chitaonongeka? Yankho la loyamba likhoza kukhala ayi, la lachiwiri n'kukhala inde. Mawu akuti "sindinachite dala" amachepetsa mkwiyo ndi chindapusa, koma chimanga chodyedwa chija sachibweza.

Malamulo a Mose amayenda m'njira yomweyi, mwina chifukwa nawonso anabadwira pakati pa alimi ndi abusa. Eksodo 22 imalamula woyatsa moto umene wafalikira m'munda wa wina kuti alipire. Deuteronomo 19 imapereka chitsanzo cha anthu awiri opita kukadula mitengo, nkhwangwa n'kuguluka mumpini n'kupha mmodzi. Wotsalayo si wakupha, ndipo sayenera kuphedwa. Komabe sabwerera kunyumba kukadya nsima ngati palibe chachitika. Amathawira ku umodzi mwa mizinda 6 yopulumukirako, ndipo malinga ndi Numeri 35 amakhala komweko mpaka mkulu wa ansembe atamwalira. Munda wake, mkazi wake, mbiri yake, zonse zimasokonekera chifukwa cha ngozi imene sanaifune. Korani, mu Sura 4 ndime 92, imalamula wopha wokhulupirira mnzake mwangozi kuti amasule kapolo ndi kupereka dipo kwa abale a malemu pokhapokha iwo atakhululuka, ndipo wosapeza njira asale miyezi iwiri yotsatizana. Zipembedzo ziwiri zonsezi zimagwirizana kuti magazi okhetsedwa mosafuna amakhalabe ndi kulemera.

Madalaivala a m'Malawi amaudziwa mwambo umenewu popanda kuwerenga Numeri. Wogunda munthu pamsewu nthawi zambiri amathamangira ku polisi, mzinda wake wopulumukirako, poopa mkwiyo wa anthu. Koma m'mawa mwake mwini galimoto kapena abale ake amayembekezeka kuonekera pa maliro, kugula bokosi, kubweretsa ufa ndi ndiwo, khoti lisananene kuti wolakwa ndani ndiponso a inshulansi asanatsegule n'komwe fayilo. Mfumu ikamalengeza chipepeso pamanda imatchula dzina lawo pamodzi ndi ena onse. Ndalamayo si mtengo wa munthu. Imangonena kuti amene dzanja lake linakhudza imfayi sanabisale.

Bernard Williams, katswiri wa filosofi wa ku England, anafika pa mfundo yomweyi m'zaka za m'ma 1970 ndi chitsanzo cha dalaivala wa lole amene wagunda mwana popanda kulakwitsa kulikonse. Anthu amamutonthoza kuti si vuto lake, ndipo amanena zoona. Koma Williams anati dalaivalayo atangovomera msanga n'kuyamba kuimba likhweru, tonse tikhoza kumukayikira. Pali chisoni chimene chimayenera yekhayo amene anali pa chiwongolero, chosiyana ndi cha woonerera. Zimene Williams anazilembera m'mabuku a ku Cambridge, gogo wa pa Kandeu amazinena m'mawu atatu: mlandu suola, mwanawe.

Mwa mafilimu onsewa, imene inayandikira kwambiri nkhaniyi ndi Captain America: Civil War ya 2016, ndipo ngozi yake imachitikira mu Africa. Mumzinda wa Lagos, Wanda Maximoff, mmodzi mwa ngwazi za Avengers, amanyamula ndi mphamvu zake bomba limene likanapha anthu pamsika, koma limakaphulikira pa nyumba yosanjikizana n'kupha ena, kuphatikizapo anthu a dziko la m'filimu la Wakanda ogwira ntchito zachifundo. Maiko 117 amagwirizana kuti ngwazizi ziziyang'aniridwa ndi United Nations. Captain America amakana, poti maboma ali ndi zofuna zawo ndipo tsiku lina adzawaletsa kupita kumene akufunika. Iron Man amavomera, chifukwa mayi wina wamudikirira pa chikepe n'kumuonetsa chithunzi cha mwana wake, Charlie Spencer, amene anapita ku dziko la m'filimu la Sokovia kukamangira osauka nyumba n'kufera pa nkhondo ya ma Avengers. Okonda mafilimu akhala akukangana kuti wolondola ndani, ndipo onse awiri ali ndi mfundo. Koma taonani chimene palibe wa iwo amachita. Palibe amakwera ndege kubwerera ku Lagos kukakhala pansi ndi ofedwa. Mwana wa ku America ali ndi dzina, chithunzi ndi mayi wolira. Anthu a ku Nigeria ndi nambala 26 pa sikirini ya nduna. Ndipo Lagos weniweniyo anajambulidwa ku Atlanta.

Amene ali ndi achibale ku Joni ayenera kuonetsetsa bwino Avengers: Age of Ultron ya 2015. Nkhondo ya Hulk ndi Iron Man inajambulidwa m'misewu ya pakati pa Johannesburg, momwe anyamata ambiri ochokera ku Ntcheu, Dedza ndi Mangochi amayenda pofuna maganyu. Magalimoto amaponyedwa, anthu amathawa, ndipo Iron Man asanagwetsere Hulk pa nyumba yosamalizidwa amayamba wafunsa ngati angaigule msanga. Omvera amaseka. Nthabwalayo imaulula maganizo a filimu yonse: wachuma amalipira mwini nyumba, ndipo nkhani yatha. Wogulitsa zipatso pakhonde pa nyumbayo, amene mwina alibe ndi mapepala omwe okhalira m'dzikomo, sangapite kukalembetsa dandaulo kulikonse.

Anthu a ku Ntcheu sachita kuyerekeza kuti kukhala munthu wa m'mbali mwa nkhani kumatanthauza chiyani. Misika yawo yambiri, Lizulu, Tsangano Turn-off, Kampepuza, ili m'mphepete mwenimweni mwa msewu wa M1, ndipo mu Malichi 2019 lole inalowa mumsika wa Kampepuza n'kupha anthu oposa khumi amene anangobwera kudzagula ndi kugulitsa. Achikulire amakumbukanso zaka za nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pamene malire a Mozambique, amene m'madera ena ndi msewu womwewo, anasefukira ndi othawa. Pofika nthawi ya pangano la mtendere la ku Rome mu Okutobala 1992, Malawi inali ikusunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Ntcheu linali limodzi mwa maboma amene analandira ambiri. Mbali zonse ziwiri za nkhondoyo zinkati zikumenyera anthu wamba. Anthu wambawo anali m'misasa ku Biriwiri, akudikira ufa ndi nandolo za thandizo.

Pali chitsutso champhamvu pa zonsezi, ndipo sichiyenera kunyozedwa. Ngati wopulumutsa azilipira chilichonse chosweka, adzapulumutsa ndani? Filimu ya makatuni ya The Incredibles ya 2004 inaseka nkhani yomweyi: munthu wodziponya kuchokera pa nyumba yaitali amawakhidwa ndi Mr. Incredible, kenako amamusumira chifukwa chomupweteka khosi, milandu imachuluka, ndipo boma limaletsa ngwazi zonse kugwira ntchito. Mudzi umene ungalipiritse munthu chitseko chimene wathyola potulutsa ana m'nyumba yoyaka udzapsa wonse tsiku lina anthu ataima chapatali manja ali m'thumba. Izi n'zoona, ndipo bwalo la mfumu limazidziwa. Palibe nyakwawa yanzeru imene ingagamule chindapusa pa chitseko chotero. Koma chifukwa chake n'chakuti mwini chitseko ndi yemwe wapulumutsidwa. Nkhani imasintha pamene wopindula ndi wina, woluza ndi wina. Ngati nyumba ya mayi wamasiye yagwetsedwa kuti moto usafike ku nyumba makumi awiri, eni nyumba makumi awiriwo ndiwo ayenera kuumba njerwa ndi kumweta udzu. Ngongoleyo siyenera kugwera wothyola yekha, koma siyeneranso kusiyidwa pa mutu pa mayiyo ngati kuti tsoka lake ndi mtengo umene ena onse avomereza mosavuta. Kayafa, pa Yohane 11, anawerengera kuti kuli bwino munthu mmodzi afe m'malo mwa mtundu wonse. Masamu ake anali olondola, koma mmodziyo sanali iye.

Amalawi ali ndi chitsanzo cha ungwazi umene mtengo wake unagwera mwini wake. Mu Novembala 2018, asilikali a Malawi osungitsa mtendere pafupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo anagwa m'nkhondo yoopsa ndi zigawenga za ADF, ndipo 6 mwa iwo anaphedwa. Private Chancy Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala pamtetete. Anabwerera zipolopolo zikuvumba, anamukokera pobisalika, ndipo anaomberedwa akumupatsa chithandizo. Omary anachira. Mu Meyi 2019 United Nations inapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu wapamwamba kwambiri wa asilikali ake osungitsa mtendere. Palibe amakangana za nkhani ya Chitete, chifukwa palibe wachitatu amene anamulipirira.

Koma bungwe lomwelo lili ndi mbiri ina. Mu Okutobala 2010, miyezi ingapo chichitikireni chivomerezi chachikulu ku Haiti, zonyansa zochokera ku msasa wa asilikali a United Nations zinalowa mumtsinje n'kuyambitsa kolera imene inapha anthu pafupifupi 10,000. Asilikaliwo anapita kukathandiza, ndipo palibe anafuna kudwalitsa munthu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi bungweli linakana udindo, ndipo ofedwa atasuma linadziteteza ndi lamulo loti silingazengedwe mlandu. Mlembi wamkulu wa bungweli, Ban Ki-moon, anapepesa mu Disembala 2016, atatsala pang'ono kuchoka pa mpando, n'kulengeza thumba la madola 400 miliyoni. Maiko anaponyamo kachigawo kochepa chabe. Uyu ndiye Superman weniweni wa masiku ano: wamphamvu, wa zolinga zabwino, wofunikadi, ndipo wosagwirika ndi bwalo lililonse.

Choncho pa funso lija la pa benchi, chigamulo chingakhale chotere. Superman si wakupha, ndipo amene amamufananiza ndi Zod akulakwitsa. Koma amene amati nkhani yathera pa kupulumuka kwa dziko akulakwitsanso, chifukwa anthu 129,000 aja ali ndi abale, ndipo wina ayenera kupita kukakhala nawo pa mphasa, kumva mayina, ndi kusenza gawo la katunduyo pamodzi ndi onse amene anapulumuka. Kwathu kuno nkhani yotere si ya m'filimu. Malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa National Compensation Tribunal kuti ipepese anthu amene anamangidwa popanda mlandu, kulandidwa katundu kapena kuthamangitsidwa m'dziko mu ulamuliro wa chipani chimodzi, zonsezo zitachitika m'dzina la bata ndi mtendere. Bwalolo linapatsidwa zaka 10, ndipo linatsekedwa anthu zikwizikwi asanalandire zimene anayenera. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lakuti Malawi's Unhealed Wounds, lolamula boma kuti limalize ngongoleyo. Ambiri mwa odandaulawo anali atakalamba kale pamene lipotilo linkatuluka, ndipo ena anali atamwalira makalata awo a chipepeso ali m'manja mwa ana awo.